Manja Amene Anathira Mchere

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa ntchito pa loji ya a Kamwendo pa Mwanza ndisanafike popuma, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani kuti zinali za nsomba. Inu mumaseka, mumayesa nkhalamba ikucheza. Lero ndalemba zonse kuti ndikadzapita musadzamve za m'maluwa kwa anthu ena. Ndikuchenjezeretu kuti nkhani imeneyi ndikaiyamba mtima umandipsa, ndiye pena cholembera chikathamanga mundikhululukire.

1995 mpaka 2002: Ngalande ndi mapaipi

Za ubwana wanga kwa Nthache ndizilumpha, amayi anu anakuuzani kale zokwanira. Ntchito yanga yoyamba yolandira pamwezi ndinaipeza ku Blantyre matipate atangoyamba kumene, pa kampani ina yomanga nyumba. Ndinayamba ndi kukumba ngalande, piki m'manja, kapitawo ali pamsana. Pulambala wa pamenepo, bambo wina wa ku Mulanje wosakonda kuyankhula, ataona kuti sindithawa matope anayamba kundipatsa sipanala kuti ndimugwirire. Sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ukalakwa ankangomasula zonse zimene wamanga n'kukupatsanso sipanala ija. Pang'ono ndi pang'ono ndinadziwa kudula paipi, kukweza thanki padenga, ndi kumva pampu ikamalira modwala. Kampaniyo inagwa mu 2002, eni ake anatseka geti m'mawa wina osatsanzika munthu, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi bokosi la zitsulo ndi inu ana. Ndinalima ganyu m'minda ya anthu amene kale ankandipempha sopo, ndinawotcha makala n'kumakankha njinga mpaka pa boma. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ulova sindinkaumva kwa anthu, ndinali nditaulawa ndekha.

2003: Pa loji

A Kamwendo anali munthu wa mathiraki. Anayamba ndi lole imodzi yonyamula manachesi kupita nawo ku Blantyre, kenaka zinthu zinawayendera, mathiraki awo n'kumafika ku Beira ndi ku Joni. Anamanga loji m'mbali mwa msewu wopita ku bodala, yogonamo madalaivala odikira mapepala a katundu ndi mabwana obwera kumisonkhano. Ananditenga ngati pulambala, koma mwezi usanathe ndinali wa magetsi, wa jenereta, wokonza maloko, ndi wopha njoka kuseri kwa khitchini. Sindinkadandaula. Bwanayo sanali woipa tsiku lililonse, maliro akagwa ankapereka galimoto osawerengera. Koma anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: chinthu chikalakwika, wolakwa sakanakhala iye. Tayala lakutha likaphulika, wolakwa ndi dalaivala. Denga likadontha, wolakwa ndi amene wabwera kudzanena.

Pa lojipo ndinapezapo mayi wina wokonza m'zipinda ndi kuthandiza kukhitchini, a Nachisale, kwawo ku Thambani. Amuna awo anamwalira kale, anawasiyira ana awiri aakazi. Anali a gulu la amayi kutchalitchi kwawo, ndipo Lachinayi lililonse ankapempha kuweruka msanga kuti akavale yunifolomu yawo. Muyenera kumvetsa kuti pa loji ya pa bodala mkazi wopanda mwamuna amayenda pa minga. Madalaivala ankawaitana ali m'chipinda, "Sisi, tabwerani mudzatenge thaulo ili," iwo n'kuyankha ali panja, "Liikeni pakhomo pomwepo, achimwene, ndilitola." Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinaonepo kanthu, ndipo maso anga sanali akhungu.

2006: Nyanja ifika pa Mwanza

Chaka chimenecho bwana anapita ku Joni, ndipo mu hotela ina anaona thanki yagalasi yodzaza nsomba zamoyo zongoyang'ana. Anabwerako mutu utazungulira. Anandiitana polandirira alendo n'kuloza khoma.

"A Mbewe, pano ndikufuna nyanja."

"Tiikemo za ku Mangochi, bwana? Kuli tinsomba tokongola, tamitundumitundu, anthu amatisunga m'magalasi."

"Za ku Mangochi aliyense anaziona. Ndikufuna za m'nyanja ya mchere, zoti munthu wa pa Mwanza akaziona akasimbe kwawo."

Thankiyo inabwera pa thiraki, yaitali ngati bedi la munthu wamkulu, pamodzi ndi mapampu, hita yotenthetsa madzi, nyali yake, miyala yoyera yabooka-booka, kagalasi koyandama koyezera mchere, ndi matumba a mchere wake wochokera ku Joni. Nsomba zinabwera pambuyo kuchokera ku Beira, m'majumbo ofufuma ndi mpweya. Anazibweretsa a Fausitino, dalaivala wa bwana, wa ku Tete, amene Chichewa chake chinkadumphira m'Chinyungwe ndi m'Chipwitikizi. Akutsitsa anandikokera pambali.

"Amigo, wogulitsayo wati ndikuuzeni. Nsomba izi dzina lake tang'i yabuluu, ndipo n'zovuta kuposa mayi woyembekezera. Madzi asazizire, asatenthe, pampu isaime. Ndipo mchere ndi wa m'matumbawu wokha. Wa kukhitchini, nada! Akuti m'matumbamu muli zinthu za m'nyanja zimene mchere wathu ulibe."

Ndivomere, chinthu chokongola ngati nsomba imeneyo sindinachione. Thupi lake ndi lophwatalala ngati chikhatho, labuluu wotuwira ngati buluu uja amayi anu ankatsukuluzira malaya oyera, chipsepse cha pamsana chachikasu, nkhope yakuda, pakhosi poyera. Anthu ankachoka kumsika kudzaima pazenera, ana a sukulu ankakanikiza mphuno pagalasi, ndipo funso linali limodzi, "Kodi zimakoma?" Bwana ankaima pambali manja m'thumba, akumwetulira ngati anazilenga ndi iye. Ine ndinkangoti chikomekome cha mkuyu, koma ndinkanenera mumtima.

2006 mpaka 2010: Manda a pansi pa mango

Mavuto anayamba sabata yomweyo. Nsomba zimenezi sizifunana zokhazokha. Pafupi ndi mchira zili ndi kampeni kobisika, ndipo zikakumana zimazungulirana n'kumachekana nako. Nditauza bwana kuti zikumenyana anati zikusewera. Itatsala imodzi yokha anati zinzakezo zafa ndi ulendo, ndipo yotsalayo isakhale yokha chifukwa mlendo sasiyidwa yekha m'nyumba. Anatumanso a Fausitino. Ndinayesa kunena kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, iwo anati, "A Mbewe, izi ndi nsomba, si nkhuku."

Kudya kwake kunali nkhondo ina. Kwawo zimayenda tsiku lonse zikubudula ndere pa miyala monga mbuzi pa msipu, ndiye m'galasi muja miyala zinkaimaliza msanga n'kuyamba kuwonda, mimba kulowa m'kati. Tinkazipatsa ndere zouma za ku Joni. Zikatha ndinkafutsa masamba a mpiru n'kumangirira pa mwala, ina n'kudya, ina n'kungodutsa ngati sinaone. Kenaka kunali nthenda yake yaikulu, timadontho toyera totuluka thupi lonse ngati munthu waiwaza mchere wosalala. Nsomba ikagwidwa nayo inkadzikhula pa miyala, kupuma mofulumira, maso kuchita nkhungu, basi yapita. Nthendayi inkabwera nsomba ikangovutika ndi chilichonse: kuzizira kwa Juni, kutentha kwa Okotobala, kuthamangitsidwa ndi inzake, kapena magetsi kuzima. Ndipo magetsi a pa Mwanza mukuwadziwa. Pampu ikaima, nsomba zinkabwera pamwamba zikuyasamula, ine n'kusiya paipi ikutayikira m'chipinda cha mlendo kuthamangira kukaliza jenereta, ndipo ikakana kulira ndinkaima pamenepo ndi jagi, kutunga ndi kukhuthula, kutunga ndi kukhuthula, mpaka mapewa kufa.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga unayambira. Madzi a nsomba ankagulidwa a m'mabotolo akuluakulu chifukwa a pa mjigo ankati ndi olemera, pamene ife antchito tinkamwa a pa mjigo omwewo ndi kapu imodzi ya pulasitiki. Jenereta inkalira chifukwa cha nsomba, koma magetsi akazima amayi akusita nsalu za pabedi ankauzidwa kuti akoleze makala. Nsomba ikafa bwana ankati alendo asaone, ndiye ndinkaivuula mwakachetechete n'kukaikwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, a Fausitino n'kubwera ndi ina. Alendo obwera kawirikawiri ankati, "Koma nsomba zanuzi zikukhalitsa bwanji!" Bwana ankagwedeza mutu monyada, ine ndikudziwa kuti pansi pa mango paja pali mudzi wathunthu. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kunena kuti bwana, nsomba izi si za kuno, tikungozizunza, tiyeni tiike za madzi athu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndinakulembani ntchito ya mapaipi, a Mbewe, osati ya maganizo."

2011: Mafuta asowa, mchere utha

Chaka chimenecho inu akuluakulu mukuchikumbukira. Magalimoto ankagona pa mizere ya mafuta, ndalama zakunja zinasowa, mathiraki a bwana ena anaima pabwalo mpaka udzu kumera pansi pake. Dizilo wa jenereta tinkamuyeza ndi botolo. Matumba a mchere wa ku Joni anatha, ndipo panalibe wokabweretsa ena. Madzi a m'thanki amafuna kuchotsako ena n'kuthiramo atsopano pafupipafupi, koma popanda mchere ndinasiya, ndinkangowonjezera pamene aphwera. Madzi anayamba kuoneka achikasu, galasi kuchita mbuu, koma tang'i zitatu zimene zinalimo zinali zikupirirabe.

Nthawi yomweyo amalume anga anamwalira kwa Nthache, ndipo ine monga mphwawo wamkulu ndinayenera kukhala kumeneko mpaka kusesa. Ndili kumaliro, pa loji panabwera uthenga woti kukuchitika msonkhano wa mabwana ochokera ku Lilongwe. Bwana atayang'ana madzi achikasuwo anaona manyazi. Anaitana a Nachisale, chifukwa ndi amene ankandithandiza kunyamula ndowa ndikamasintha madzi, n'kuwauza kuti atunge a pa mjigo, akagule mchere kumsika, asungunule, athiremo. Wophika wathu anali pomwepo ndipo anamva zonse. A Nachisale anati, "Bwana, a Mbewe amati mchere wa kumsika ayi. Bwanji tiwadikire?" Bwana anati, "Mchere ndi mchere, mayi. Kapena lojiyi ndi ya a Mbewe?" Mayi wosauka, wa ana awiri, akanatani? Anathira.

Nditabwerako ndinapeza ziwiri zitakwiriridwa kale. Yotsalayo inali itatsamira pa mwala, thupi lonse lili mbee ndi timadontho tija, maso atatupa. Inafa ndikuiyang'ana. Msonkhano wa mabwana unachitika thanki itafundikidwa nsalu ya patebulo, ndipo mmodzi wa iwo anaseka bwana pamaso pa anzake kuti nyanja yake yaphwa.

Munthu ngati a Kamwendo sangasekedwe popanda wina kulipira. Yankho anabwera nalo ndi akazi awo, amene tonse tinkawatchula kuti adona. Anaona nsomba yakufayo ndisanaikwirire, anaitembenuza ndi kamtengo, n'kunena mokweza kuti a kukhitchini amve, "Taonani, mchere watulukira pakhungu, maso atupa. Ili ndi tsempho. Amene anathira mcherewu manja ake ndi otentha."

Inu adzukulu okulira m'tauni mwina simudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Makolo athu ankati mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda ndi mwamuna wakunja, asathire mchere m'ndiwo, chifukwa odyawo adzatupa ndi kutsokomola, ndiye tsempho limenelo. Mwambowu sindiunyoza, mkazi wanga ankausunga m'nyumba mwathu ndipo ine sindinawaletse. Koma chibadwire sindinamvepo nkhalamba iliyonse ikunena kuti tsempho limagwira nsomba. Ndipo adona sankanena za kumwezi ayi, a Nachisale anali atapitirira kale msinkhu umenewo ndipo aliyense ankadziwa. Chotsala chinali chimodzi. Ankanena kuti mayi wamasiye uja, wa yunifolomu ya Lachinayi, amalowa m'zipinda za madalaivala.

2012: Tsiku limene ndinayankhula

Nkhaniyo inayamba kuyenda pansipansi, koma inalibe miyendo yolimba, chifukwa anthu ankawadziwa a Nachisale. Inkafunika munthu wamkulu woiimitsa. Chaka chitangoyamba bwana anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba anandipatsa mpando.

"A Mbewe, inu ndi wamkulu pano, anthu amakumverani. Mawa ndisonkhanitsa antchito. Mayi aja akuchoka. Ndikufuna munene kuti m'manja mwanu nsomba sizinkafa chonchi, ndiponso kuti munawaonapo akutuluka m'chipinda cha dalaivala."

"Akutuluka m'zipinda ndimawaona tsiku lililonse, bwana, atanyamula tsache ndi ndowa. Ndi ntchito yawo."

"Mukundimva bwino zimene ndikunena."

"Ndikukumvani. Koma si mchere wa kumsika uja wapha nsomba?"

Nkhope yawo inasintha. "Mwana wanu uja ali pa sukulu ya unamwino, eti? Ntchito zikusowa masiku ano, a Mbewe. Kaganizeni."

Ndinatuluka. Iwe Tadala, mwana amene ankanenayo unali iwe. Ndinali ndi zaka zoti palibe kampani ikanandilembanso, ndipo njinga ya makala ndinkaikumbuka bwino lomwe. Madzulo ndinawafotokozera amayi anu tili pakhonde. Anayamba ndi mantha, monga mayi aliyense.

"Ndiye tidya chiyani, bambo a Tadala? Mwana asiye sukulu chifukwa cha nsomba zosadya n'komwe? Simungangokhala chete, osanena bodzalo komanso osanena zinazo?"

"Andifunsa pamaso pa anthu. Ndikakhala chete, chete ameneyo akhala yankho."

Anakhala nthawi yaitali akupeta mpunga umene unali wopetedwa kale. Kenaka anati, "Mayi aja ndi amene anandigonera kuchipatala nthawi imene ndinapita padera, inu muli ku ntchito. Mukanena bodzalo, ndikakumana nawo kumsika ndidzayang'ana kuti?" 

M'mawa mwake tinasonkhana polandirira alendo, kutsogolo kwa thanki yopanda kanthu ija. Adona anakhala pa sofa, bwana ataimirira. A Nachisale anaima pakona atapinda manja, mutu uli zyoli. Bwana anayankhula za ukhondo, za mbiri ya loji, za anthu ovala zoyera kunja pamene m'kati muli zina. Kenaka anati, "A Mbewe, auzeni anthuwa zimene munaona."

Mantha ndinali nawo, sindibisa. Koma nditayang'ana galasi lija, n'kukumbukira mapewa anga ndi jagi ija, mantha anasanduka ukali.

"Zimene ndinaona ndi izi, bwana. Nsomba zimenezi zakhala zikufa chibwerereni pano, ndipo amene akukayika atenge khasu tipite pansi pa mango. Timadontho toyerato ndakhala ndikutiona zaka zonsezi, ndipo nthawi yonseyo mchere ndinkathira ndine. Ngati manja ndi amene amapha nsomba, yambani ndi angawa. Mayi awa sindinawaonepo ndi mwamuna aliyense. Anakuuzani kuti mchere wa kumsika ayi, inu munati mchere ndi mchere. Wophika anamva."

Onse anatembenukira wophika. Munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi, amene ndinamukonzera denga la nyumba yake kwaulere, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ine ndinali ndi mapoto, sindinamve bwino." Alonda anali chete. Atsikana a m'zipinda anali chete. Mpaka lero sindidziwa amene ndimamukwiyira kwambiri, bwana amene ananama kapena anthu aja amene ankadziwa zoona n'kumayang'ana zala za kumapazi. Ndimamvetsa kuti nawonso anali ndi ana, koma kumvetsa sikunandichotsere mkwiyo.

Adona anaimirira. "Mwamva? Akuwaikira kumbuyo. Mwina dalaivala amene tikumufunayo ndi yemweyu."

Bwana anangoti, "Siyani makiyi a jenereta patebulo." Dzuwa lisanafike pamutu, ine ndi a Nachisale tinali kunja kwa geti, ine ndi bokosi langa la zitsulo, iwo ndi kajumbo ka nsapato zawo za ntchito. Anandiuza kuti, "Pepani, a Mbewe, ndakuphetsani ntchito." Tamverani zimenezo, wonamiziridwa ndi amene ankapepesa.

Ndinkaganiza kuti choonadi chikanenedwa pagulu chimatsuka munthu. Ndinaphunzira kuti bodza la munthu wolemera limayenda pa galimoto. Pa msika wa Mwanza anayamba kuwatchula kuti Namchere. Akadutsa, amayi ogulitsa mchere ankaphimba milu yawo ndi nsalu n'kumaseka. Kutchalitchi anawauza kuti ayambe avula yunifolomu mpaka nkhani itafufuzidwa, ndipo palibe anaifufuza. Mwana wawo wamkulu anali ndi chitomero, ankhoswe a kuchimuna anabwera kudzanena kuti ayambe aganizanso, ndipo sanabwerenso. Mvula isanathe a Nachisale anasamuka kubwerera ku Thambani. Iwe Tadala unakhala pakhomo chaka chathunthu, ndikuona ukulira kuseri kwa nkhokwe, ine ndikuyenda m'midzi kukonza mijigo mpaka unabwerera kusukulu. Chaka chimenecho chimandipweteka, koma sindikupepesa, mwana wanga, chifukwa nditabwezedwa pa tsiku lija ndinganenenso zomwezo.

Zimene zinachitika pa loji pambuyo pake anandiuza ndi a Fausitino titakumana pa depoti. Mafuta atayamba kupezeka bwana anagulanso matumba a mchere weniweni ndi tang'i zina. Pofuna kuonetsa kuti adona ananena zoona, anakatenga azakhali awo a adona kumudzi, gogo wopanda dzino ndi limodzi lomwe, kuti azithira mchere ndi manja ozizira. "Amigo," anatero a Fausitino akupukusa mutu, "timadontho tomwe tija. Zonse zinafa. Anagulanso, zinafanso. Pano m'thanki muja aikamo maluwa a pulasitiki." Ndinafunsa ngati wina anapita ku Thambani kukapepesa, kapena kutchalitchi kuja kukanena kuti tinalakwa. A Fausitino anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala.

2018: Ku Thambani

A Kamwendo anamwalira, anthu anayankhula zabwino zambiri pa maliro awo, ndipo ine sindinapiteko. Akuti wakufa sakwiyiridwa, koma mlandu suwola.

Chaka chimenecho anthu a ku Thambani anandiitana kukakonza mjigo pafupi ndi msika. Ndikumanga zitsulo zanga ndinamva mawu kumbuyo, "Si a Mbewe awa?" Anali a Nachisale, imvi zili mbuu, akugulitsa tomato pa thumba loyala pansi. Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kukana kuti ndikwere njinga ya kabaza ndisanaone pakhomo pawo. Tinayenda kanjira kodutsa m'minda ya nandolo. Anandiuza kuti mwana wawo uja anakwatiwa ndi munthu wina ku Mozambique, kumene nkhaniyo sinafike, ndipo kutchalitchi amapita koma amakhala kumbuyo. Za yunifolomu sindinafunse. Ndinawauza za gogo wopanda mano uja ndi maluwa a pulasitiki, ndikuganiza kuti aseka kapena atukwana. Anangoti, "Zinali zokongola nsomba zija. Zinalakwanji kuti azichotse kwawo?"

Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo, anandisambitsa m'manja, n'kubweretsa chakudya, ndiwo zake nandolo wamuwisi wothira tomato. Pambali anaika kasosala kakang'ono ka mchere. Nditalawa ndiwozo ndinapeza mulibe mchere ngakhale pang'ono.

"Thirani nokha, a Mbewe," anatero.

Ndinayang'ana kasosalako, ndinayang'ana iwo. "Mwaiwala kuthira, mayi?"

"Sindinaiwale. Chichokereni ku Mwanza sindithirira munthu mchere. Ngakhale adzukulu akabwera amathira okha. Mwana angadzatsokomole, anthu n'kukumbukira."

Ndinakankhira kasosalako kwa iwo. "Ine ndikupempha. Thirani ndinu. Ndinaima pagulu kunena kuti manja anu alibe kanthu, ndipo lero ndikufuna kudya mchere wa m'manja amenewo."

Anatambasula dzanja, linafika pamwamba pa mcherewo, linaima pamenepo. Kenaka analibweza n'kulibisa m'chitenje.

"Ayi, achimwene. Ndinazolowera."

Sindinawakakamize, komanso mcherewo sindinaukhudze. Ndinadya nandolo yense mpaka kupukuta mbale, wopanda mchere, iwo atakhala poteropo akuyang'ana kumbali. Tsopano mwadziwa, ana anga, chifukwa chimene amayi anu kapena wina wa inu akaiwala mchere m'ndiwo n'kundibweretsera kasosala patebulo, ndimasiya kudya n'kutuluka panja.